Mneni wa Chingerezi "See" pa Chitedze

Mneni wa Chingerezi woti "see", amene mabuku a sukulu amati amanena za ntchito ya maso, ali m'gulu la aneni oyambukira, ndiko kuti aneni ofuna pamtherankhani, chinthu chimene ntchitoyo yachigwera. Koma pa Chitedze, malo a malonda amene ali m'mbali mwa msewu wa M12 wochoka ku Lilongwe kulowera ku Mchinji, mneniyu amamveka kwambiri pa nthawi imene wolankhula sakufuna kuona kanthu. Chodabwitsa n'chakuti pomwepo pali siteshoni ya kafukufuku wa zaulimi imene idakhazikitsidwa mu 1948, kumene anthu amalandira malipiro chifukwa choyang'anitsitsa masamba a mtedza kuti apeze kadukutu, matenda opiringiza masamba amene amafalitsidwa ndi nsabwe za m'mbewu, ndiponso kumene akatswiri, mogwirizana ndi bungwe la ICRISAT, adatulutsa mtedza wa CG7 mu 1990. M'kati mwa mpanda wa siteshoniyo, munthu akati waona amatchula chimene waona ndi kuchilemba m'buku. Akangotuluka pa geti, mneni yemweyo amayenda yekha, pamtherankhani atamusiya ku ofesi.

Kapangidwe kofala koposa onse ndi ka nthawi yam'tsogolo, kamene kamamveka kuti "we shall see", ndipo nyengo yake ndi Januwale mpaka Marichi, pamene nkhokwe zapepuka, fizi ya temu yachiwiri ikufunika, ndipo abale a ku Kabudula ndi ku Nambuma ayamba kukumbukira kuti ali ndi mnzawo wolandira pa mwezi. Mlowam'malo "we" amanena za anthu ambiri, ngakhale kuti wolankhulayo amakhala ali yekha pa khonde, ndipo ntchito ya kuchulukitsako ndi kugawa mlandu wa kukana pakati pa anthu osaoneka, monga mayi a kunyumba, abwana ndi boma. Wina angafunse chifukwa chake munthu wodziwa bwino mawu oti "tiona" amathawira ku Chingerezi. Yankho lake n'lakuti wonena "tiona" akadali mbale, ndipo mphwake angathe kukhala pansi, kudya nsima ndi kufunsanso madzulo, pamene wonena "we shall see" wasanduka ofesi, ndipo ofesi siyifunsidwa kawiri tsiku limodzi. Mphwakeyo amayankha mwaulemu kuti, "Zikomo malume, ndamva," nakwera kabaza wa ngongole.

Kapangidwe kachiwiri, kolamula, ana amakumana nako koyamba m'kope, pamene aphunzitsi alemba "see me" ndi bolopeni yofiira kunsi kwa chimangirizo, ndipo palibe mwana amene adapitako akuyembekezera mphatso. Anawo akakula amabwezera, chifukwa mawu omwewo amawanena ali kuseri kwa windo kapena pa geti, koma tanthauzo litasuntha kuchoka pa maso kupita m'thumba. "You will see me, bwana" si ulosi wakuti awiriwo adzakumana, popeza akuyang'anana kale. Ndi chikumbutso chakuti pepala limene latayika lingathe kupezeka ngati papezeka ya fanta. Wopemphedwayo, ngati ndi wophunzira, amabweza ndi kapangidwe komweko kuti "I will see you month end", osatchula mwezi wake, ndipo onse awiri amasiyana ali okhutira kuti galamala sinalakwike.

Pamene pali chuma chenicheni cha nkhaniyi ndi pa msintho wochitidwa, umene ndi kapangidwe kobisa wochita ntchito ndi kuika patsogolo woichitidwa. Chiganizo chakuti "he was seen at Nsaru" chili ndi munthu woonedwa, chili ndi malo, nthawi zina chili ndi ola ndi mtundu wa chitenje cha amene adali naye, koma chilibe maso a munthu aliyense amene angaitanidwe ku bwalo la mfumu. N'chifukwa chake miseche ya anthu ovala mataye imakonda msinthowu kuposa miseche ya pa mjigo, imene mwina chifukwa chosadziwa malamulo imatchula dzina la woona, n'kuthera pa chindapusa cha nkhuku. Ogwidwa kuti achitire umboni nawonso adazindikira kusiyana kumene aphunzitsi amavutika kukufotokoza mu Fomu 3, kwakuti "I saw him take the bag" amatanthauza kuti mboni idaona ntchito yonse kuyambira poyamba mpaka pomaliza, pamene "I saw him carrying the bag" amatanthauza kuti idaona chidutswa chabe. Nyengo yogula mtedza, pamene mavenda amangirira masikelo awo m'mitengo ndipo matumba amasowa usiku, mboni zonse zimasankha kapangidwe kachiwiriko, pakuti munthu woona chidutswa angathe kupitiriza kubwereka mchere kwa woganiziridwayo.

Za "saw" ndi "seen" sipafunika kunena zambiri, kupatula kuti mayeso a MANEB akhala akulanga ana pa chiganizo chakuti "I have saw" kwa zaka zochuluka popanda chiganizocho kutha, ndipo akalipentala a ku Namitete, amene sowo ndi chida chawo cha tsiku ndi tsiku, sakuona chifukwa choti nkhaniyo iwavute. Chofunika kuchenjeza n'chakuti "I am seeing her", chimene mnyamata wina angachinene pofuna kungosonyeza kuti mtsikana ali poonekera pa siteji, kwa eni chiyankhulo chimatanthauza chibwenzi, ndipo amalume a mtsikanayo akakhala kuti adafika Fomu 4, nkhani imafika kwa ankhoswe mnyamata asadadziwe chimene walonjeza.

Lamya ya m'manja ndiyo yasokoneza dongosolo lonseli, chifukwa yabweretsa mneni amene sanama. Pa Messenger pamatuluka liwu lakuti "seen" kunsi kwa uthenga umene wawerengedwa, ndipo WhatsApp idayamba mu 2014 kusonyeza zomwezo ndi timizere tiwiri tabuluu, kotero kuti mawu akale oti "I did not see your message", amene adapulumutsa angongole ambiri a banki mkhonde, tsopano amatsutsidwa ndi chithunzi cha pa sikirini chimene msungichuma amachiwerenga pa msonkhano. Ochenjera adapeza kuti timizereto tingathe kuzimitsidwa, ngakhale kuti wozimitsa amataya nawo mwayi wodziwa ngati anthu omwe ali naye ngongole awerenga uthenga wake, chimene ambiri amachilandira ngati msonkho woyenera. Chimene sadachiwerengere n'chakuti kuzimitsako sikugwira ntchito m'magulupu, ndipo pa gulupu ya banja, imene imadzuka pokhapokha kukagwa maliro kapena kukayandikira chinkhoswe, wotumiza uthenga wa zopereka angathe kutsegula mndandanda wa onse amene auwerenga, ola ndi mphindi yomwe. Malume a pa Chitedze aja, amene masiku atatu apitawo adaoneka pa mndandandawo nthawi ya 5:42 m'mawa, amalemba pomaliza kuti "just seeing this now", ndipo azakhali a ku Mpingu, amene sadalowepo m'kalasi ya Chingerezi, amayankha ndi uthenga wa mawu wa mphindi zisanu ndi ziwiri.