Madzi Saiwala Khwawa, Ngakhale Muwatsekere M'kapu ya Madola 45

Pa depoti ya minibasi m'mwezi wa Okutobala pamachitika mayeso amene palibe sukulu inaphunzitsa. Mnyamata akafika pawindo n'kufuula kuti "Madzi ozizira!", wogula satengeka ndi mawu. Amalandira kaye botololo, n'kuligunditsa patsaya, mwinanso pakhosi, maso ali m'mwamba. Akakhutira m'pamene amapisa m'thumba. Tsoka lake n'loti minibasi sinyamuka isanadzaze. Pomwe kondakitala azidzamenya chitseko, botolo lija lachita thukuta, lanyowetsa buluku pamalo ovuta kufotokoza, ndipo madzi a m'katimo afunda kale.

Akuluakulu anati madzi saiwala khwawa. Ankanena za mvula, yomwe chaka chilichonse imadzafunafuna pomwe inadutsa chaka chatha, ngakhale wina atamangapo khitchini. Ankanenanso za mkamwini amene walumbira pamaso pa ankhoswe kuti mowa wasiya. Firiji sanaione, koma mwambi wawowu umakwanira bwino pa botolo la madzi kuposa pa mkamwini, poti mkamwini nthawi zina amasinthadi. Kutentha kumayenda njira imodzi yokha, kuchoka potentha kupita pozizira, ndipo sikupuma mpaka ziwirizo zitalingana. Madzi a m'firiji, aja a madigiri 4 kapena 5, amakhala kuti achotsedwa kwawo mokakamiza ndi mphamvu ya magetsi. Akangotulutsidwa amauyamba wobwerera. Ku Ngabu ndi ku Nsanje, komwe dzuwa la Okutobala ndi Novembala limapyola madigiri 40, khwawalo n'lotsetsereka moti safunanso wowaperekeza.

Munthu amene anayamba kutseka khwawali mwaluso sankaganiza n'komwe za ludzu. Anali Sir James Dewar, wasayansi wa ku Scotland yemwe ankagwira ntchito ku Royal Institution mumzinda wa London. Ntchito yake inali yoziziritsa mipweya mpaka isanduke yamadzimadzi. Okosijeni amafika pamenepo akazizira madigiri 183 kunsi kwa ziro, ndipo akaikidwa m'chipinda wamba amawira n'kuthawa munthu akuyang'ana. Mu 1892 Dewar anapanga botolo lagalasi la zipupa ziwiri, china m'kati mwa chinzake, n'kupopa mpweya wa pakati pake kuutulutsa. Zipupazo anazipaka siliva kuti zizinyezimira.

Nzeru yake inagona poti kutentha kuli ndi makwawa atatu. Kumayenda m'zinthu zogundana, n'chifukwa chake supuni yoiwalidwa m'tiyi imawotcha chala. Kumanyamulidwa ndi mpweya kapena madzi oyendayenda. Kumathanso kudumpha popanda chokunyamula, mmene kwa dzuwa kumatifikira. Pakati pa zipupa pakakhala popanda mpweya, makwawa awiri oyambawo atsekeka, ndipo siliva amabweza lachitatu. Patsala pakhosi pa botolo ndi pachivundikiro, pomwe zipupa ziwirizo zimakumana. Apo m'pomwe kutentha kumalowera mozemba mpaka lero, ndipo palibe kampani imene inapatseka kotheratu.

Dewar sanalembetse luso lakelo kuti likhale lake mwalamulo. Reinhold Burger, mmisiri wa zipangizo zagalasi ku Germany, anaona kuti chosunga okosijeni chingasungenso khofi. Anachilimbitsa, anachilembetsa, ndipo mu 1904 kampani ya Thermos inabadwa. Dewar atapita kukhoti anabwerako chimanjamanja. Mu 1913 William Stanley Jr. wa ku America anapanga botolo lotere lachitsulo chokhachokha, loti likagwa silisweka.

Fulasiki imene inalowa m'makomo ambiri kwathu kuno ndi yagalasi ija, yamaluwamaluwa kunja. Ntchito zake zinali zodziwika: tiyi wa alendo, phala la wodwala kuchipatala, madzi otentha a khanda usiku. Amene analeredwa nayo akudziwa mmene imafera. Ikagwa kunja kumakhala kuli bwinobwino, koma mukaigwedeza m'kati mumamveka magalasi akulira, ndipo mwana amene waigwetsa amakhala kuti wakumbukira mwadzidzidzi kuti mbuzi sizinamwe madzi. Ambiri ankakhulupirira kuti fulasiki imatenthetsa, moti kuthiramo madzi ozizira kunali kuilakwira. Chonsecho iyo sitenthetsa ndipo siziziritsa. Ili ngati mlonda wosadziwa mwini nyumba kapena mbala, amene amangokaniza aliyense pachipata, wolowa ndi wotuluka yemwe. Komanso kusunga zozizira kumaiphwekera. Tiyi wa madigiri 95 m'nyumba ya madigiri 30 wasiyana nayo ndi madigiri 65, pomwe madzi a madigiri 5 asiyana nayo ndi 25 okha. Pamene kusiyana kuli kochepa, kutentha kumayenda mwaulesi. Mukaponyamo ayezi nkhani imakoma kwambiri, chifukwa kusungunula galamu imodzi ya ayezi kumadya kutentha kokwanira kukweza galamu imodzi ya madzi ndi madigiri 80. Bola kachidutswa kakugundagunda m'katimo, madziwo sachoka pafupi ndi ziro.

Ku America nkhaniyi inafika poseketsa. Kampani ya Stanley, yomwe kwa zaka zoposa 100 inkadziwika ndi mabotolo obiriwira a amisiri omanga ndi anthu okagona m'mapiri, inatulutsa mu 2016 kapu yotchedwa Quencher. Yotchuka kwambiri imalowa madzi pafupifupi malita 1.2, ili ndi chogwirira ndi kapaipi komwera, ndipo kunsi n'koning'a kuti izikwanira poika kapu m'galimoto. Poyamba malonda sanayende. Kenako amayi ena olemba pa intaneti zinthu zoti anzawo agule anaitola n'kuyamba kuitamanda, TikTok inalandira, ndipo kampaniyo inazindikira kuti chitsulo chomwecho chikapakidwa pinki chimapeza wogula watsopano. Ndalama zomwe inkapeza pachaka zinachoka pa madola 70 miliyoni ndi kena mu 2019 kufika pafupifupi 750 miliyoni mu 2023.

Mu Novembala 2023 mayi wina anajambula galimoto yake itapsa. Mipando inali makala, koma kapu yake ya Stanley inali chiimire pamalo pake. Ataigwedeza, ayezi anamveka akulira m'kati. Anthu mamiliyoni anaonera kanemayo, ndipo mkulu wa kampaniyo panthawiyo, Terence Reilly, anamulonjeza makapu ena ndi galimoto yatsopano. Otsatsa malonda akanapatsidwa chaka chathunthu sakanaganiza chinthu choposa motowo. Pofika kumayambiriro kwa 2024, anthu ankalawirira m'mamawa kukaima pamzere kumasitolo a Target, ena akukankhana, kulimbirana makapu ofiira ndi apinki a nyengo ya Valentine. Mu Januwale chaka chomwecho apolisi a ku Roseville ku California anagwira mayi wina ali ndi makapu 65 a Stanley m'galimoto, a ndalama pafupifupi madola 2,500, omwe anatuluka nawo m'sitolo osadutsa kolipira.

Kapu imeneyi inkatamandidwa kuti idzachepetsa mabotolo apulasitiki, poti munthu amagula imodzi n'kuigwiritsa ntchito zaka zambiri. Mapeto ake panapezeka anthu oonetsa mashelefu odzaza, kapu iliyonse ndi mtundu wake, yoyenda ndi diresi yake, yoyenda ndi nsapato yake. Khosi lili limodzi lomwe lija. Apa mwambi uja wabwerera kwa mkamwini, chifukwa khwawa la munthu nalo n'lakale: chimene mnzake wanyamula, nayenso achinyamule, ndipo anthu aone. M'mwezi womwewo wa Januwale kampaniyo inavomera kuti kabowo kopopera mpweya kunsi kwa kapu amakatseka ndi kanthu kokhala ndi mtovu, ngakhale kamaphimbidwa ndi chitsulo ndipo sikakhudza chakumwa. Amene dzulo ankajambula makapu awo akumwetulira anayamba kuwajambula atawatembenuza chadodolido, akuwapima kunsi.

Pakona ya nyumba ya agogo, pamchenga wonyowa, pali chiwiya chimene chimachita zomwe kapu ya madola 45 singathe. Mtsuko wadothi, wovindikiridwa ndi mbale, chikho chili pamwamba. Fulasiki imangosunga kuzizira komwe yapatsidwa, koma mtsuko umaziziritsa wokha madzi a pamjigo. Dothi lowotchedwa lili ndi timabowo tosaoneka, madzi amadonthera kunja pang'onopang'ono, ndipo akamauma ndi mphepo amachoka ndi kutentha kwa otsalawo, monga thukuta limachitira pathupi. Masamu ake ndi odabwitsa: pa lita imodzi, mamililita 10 okha akasanduka nthunzi amanyamula kutentha kokwanira kutsitsa otsalawo ndi madigiri pafupifupi 6. Mtsuko sulimbana ndi khwawa. Umalola madzi ochepa apite kuti ambiri azizire. Ku Nigeria mphunzitsi wina, Mohammed Bah Abba, anaika mphika m'kati mwa mphika unzake, mchenga wonyowa pakati, kuti alimi azisungamo ndiwo zamasamba, ndipo mu 2000 analandira nazo mphoto ya Rolex.

Koma tisautamande mopyola. Mtsuko umagwira ntchito mpweya ukakhala wouma. Mu Okutobala umachita zozizwitsa, koma mu Januwale, chinyezi chili tho, madzi ake sasiyana kwenikweni ndi a m'ndowa. Woupaka penti kuti ukongole wautseka timabowo tija ndipo watsala ndi chokongoletsa m'nyumba. Chachikulu n'choti sunyamulika. Palibe amene adzalowe nawo mu ofesi ku Capital Hill ataukolekera m'khwapa. Oyenda maulendo anaubera nzeru yokha: botolo wamba, kulikulunga ndi sokosi kapena kansalu konyowa, kulipachika pamthunzi podutsa mphepo. Wa kabaza amene wamangirira botolo lotere pachiwongolero amamwa madzi ozizirirapo kuposa bwana amene waiwala lake padashibodi, kungoti sokosiyo ikhale yochapa.

Mabotolo achitsulo tsopano ali ponseponse, pamadesiki ku Lilongwe ndi ku Blantyre, m'zikwama za ana asukulu, m'manja mwa othamanga m'mawa. Si onse onyezimira ali ndi zipupa ziwiri. Kuyesa kwake n'kosavuta ngakhale wogulitsa sangakondwere nako: muthiremo madzi otentha, mutseke, mudikire pang'ono. Kunja kukayamba kuwotcha dzanja, botololo ndi chitini chabe. Lenileni silitentha kunja ndipo likakhala ndi madzi ozizira silichita thukuta. Nalonso lenilenilo likagwa n'kupindika moti zipupa ziwiri zija zagundana, kutentha kwapeza mlatho.

Pali zolakwa zina zomwe anthu ophunzira bwino amachita ali ndi nkhope ya mtendere. Wina amathira madzi a pampopi m'botolo lotere, amatseka, amaliika m'firiji usiku, m'mawa n'kudabwa kuti madziwo sanazizire mokwanira. Botololo lachita ntchito yomwe analigulira, latchinga. Wina amaliika mufiriza, kuiwala kuti madzi akaundana amafufuma pafupifupi ndi gawo limodzi mwa magawo 11, ndipo chitsulo chimatha kupindika. Chofunika n'kuziziritsa madziwo padera, kutsukuluza botolo ndi madzi ozizira, n'kulidzaza mpaka kukhosi, poti madzi ambiri amachedwa kufunda kuposa ochepa. Kamphira ka pachivundikiro kazichotsedwa n'kutsukidwa, chifukwa kunsi kwake kumamera chuku chakuda chimene mwini botolo, ngakhale waukhondo chotani, sakonda kuchiona.

Ndiye pali thobwa. Opanga mabotolowa amachenjeza za mkaka ndi zakumwa za gasi, koma thobwa sanalimve. Thobwa ndi chakumwa chamoyo, chimapitiriza kusasa ndi kutulutsa mpweya ngakhale chitatsekeredwa, ndipo chivundikiro cholimba sichipatsa mpweyawo potulukira. Lothiridwa Loweruka m'mawa n'kuiwalidwa m'chikwama mpaka Lolemba limakhala litasonkhanitsa mphamvu. Mwina chivundikiro chimakana kutseguka mpaka kuitana wa sipanala, mwina chimatseguka chokha munthu atangochipotoza pang'ono. Amene zamuchitikira atulukire nalo panja, aliloze kutali ndi nkhope yake, kutali ndi zovala zoyanika, ndiponso ayambe waona komwe akhala apongozi.