Safunsa Anadya Phula, Wofunsa Kompyuta Anagula Masensa Atatu

Agogo anga aakazi ku Katete anali ndi mwambi umodzi umene ankaugwira ngati chikoti. Ukathira mchere wambiri m'ndiwo, ukasochera popita kudimba, ukabwera ndi chibwenzi chimene iwo sanachikonde, chiweruzo chinali chomwecho: safunsa anadya phula. Ankatifotokozera kuti munthu wina anapita kuchilendo, eni mudzi n'kumupatsa chisa cha uchi. Iye anali asanachionepo, koma kufunsa anachita nako manyazi. Anafinyira uchi wonse pansi poyesa kuti ndi madzi achabe, n'kuyamba kutafuna phula, uku akugwedeza mutu kuti kwanu kuno mumadya bwino.

Ine ndimaphunzitsa umakanika pa koleji ina ya ntchito zamanja muno mu Lusaka, ndipo ndimakhala ku Mandevu. Agogo akanakhala moyo ndikanawauza kuti mlandu uja anawina, ana a masiku ano amafunsa. Amafunsa YouTube, amafunsa Google, amafunsa pagulu la WhatsApp, amafunsa ngakhale kamakina kamene timalumikiza pansi pa chiwongolero. Koma phula likudyedwabe. Chasintha n'choti lero timakaligula kushopu ya masipeya, ndipo amatipatsa lisiti.

Kalasi yanga inadzaza kuyambira mu 2022, pamene boma linakweza ndalama zachitukuko za CDF kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lililonse la phungu, n'kupatulapo gawo lolipirira achinyamata maphunziro a ntchito zamanja. Anabwera a ku Chaisa, a ku Garden, a ku Chipata compound, a ku Chazanga. Ena anali ang'wang'wazi oitanira anthu pa siteshoni ya basi, ena anakhoza bwino giredi 12 koma ya ku yunivesite inasowa. Onse akufuna pepala la TEVETA, bungwe limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 1998 kuti liziyang'anira maphunziro otere ndi mayeso ake. Pepalalo ndi lofunika, sindikukana. Vuto ndi loti motoka, monga timaitchulira galimoto kuno, sidziwa kuwerenga satifiketi.

Mu wekishopu yathu muli injini yakale ya kabyuleta imene ndinaipeza pobwera. Yamasulidwa ndi kumangidwanso ndi magulu ambirimbiri moti mabawuti ake amamasuka okha ukangowapatsa moni. Gulu lililonse likamaliza kuimanga, patebulo pamatsala bawuti imodzi yosadziwika kwawo. Timaiponya m'chitini. Chitinicho chatsala pang'ono kudzaza, ndipo ndikuona kuti tikapirira zaka zisanu tidzamanga nacho injini yachiwiri. Ana amaiyang'ana injiniyi ngati mmene amayang'anira chithunzi cha agogo awo: ulemu ulipo, chidwi palibe.

Mtima wawo uli pa kompyuta. Kuyambira mu 1996 magalimoto ogulitsidwa ku America analamulidwa kukhala ndi polumikizira pa timano 16 pansi pa chiwongolero, potchedwa OBD-II, ndipo mayiko ena anatsatira. Ma Corolla, ma Vitz ndi ma Allion amene amatsika m'sitima pa Dar es Salaam n'kulowera pa Nakonde, ambiri ali napo. Ukalumikizapo kamakina, galimoto imadandaula m'manambala. Kwa mnyamata wa zaka 19, umenewu ndi ula weniweni. Ng'anga ili m'thumba mwake, ndipo siitanitsa nkhuku yoyera.

Ndiye Loweruka lina ndinatenga ana asanu kupita nawo kwa mudala wina amene ali ndi galaja pansi pa mtengo wa mango, kufupi ndi kwathu. Akale a kuno amati dzina la Mandevu linachokera kwa azibambo a ndevu zitalizitali, Apostoli a Johane Masowe ochokera ku Zimbabwe, amene anakhazikika cha ku Marrapodi n'kumakhoma zidebe, kuluka madengu ndi kupala mipando. Choncho ntchito yamanja m'dera lino ndi yakale kuposa National Heroes Stadium imene anatimangira pamphuno mu 2014. Mudala wanga ndevu alibe, koma anaphunzira ntchito pa Peugeot 504 ndi pa ma Fiat amene ankamangidwa ku Livingstone m'zaka za m'ma 1970. Sukulu yawo inali sipanala ndi mbama za bwana wawo.

Tinapeza pali Allion, mwini wake ataima pambali ngati wamaliro. Injini ikalira ili chiimire inkanjenjemera ngati ya malungo, ndipo kanyali ka check engine kankayaka. Bamboyu anali atapita kale m'magalaja atatu. Konseko anaiika pa kompyuta, konseko inatulutsa P0171, konseko anamugulitsa sensa. Kanyali kankazima masiku awiri n'kubwereranso ngati wangongole. Atatopa, anagula mankhwala otchipa kwambiri mu Lusaka monse: kachidutswa ka tepi yakuda, kumata pa kanyaliko.

Ana anga sanachedwe. Kamakina kanatuluka m'thumba, P0171 inaoneka, ndipo mnyamata wanga wanzeru kwambiri, amene amapeza 90 pa mayeso, analengeza ndi mawu a dokotala: "Ba sir, ni sensa."

Mudala sananene kanthu. Anatembenukira kwa mwini galimoto.

"Inayamba liti?"

"Yangoyamba yokha, ba mudala."

Aliyense amene anagwirapo sipanala akudziwa kuti mu Zambia muno galimoto iliyonse imangoyamba yokha. Palibe amene anagwerapo m'dzenje, palibe amene anathirapo petulo wa m'chigubu, palibe amene anaibwereketsapo. Mudala anafunsa modekha ngati wapolisi wokalamba: ndani anatsegula boneti komaliza, anagwira chiyani, linali tsiku lanji. Pa funso lachisanu ndi chimodzi m'pamene panatulukira mlamu. Mlamuyo anasintha fyuluta ya mpweya mwezi watha, ataonera pa foni, ndipo paipi itakana kutuluka anaikoka ndi mphamvu za mlimi.

Mudala anatola chidutswa cha paipi yothirira maluwa, mbali imodzi n'kuika kukhutu, inayo n'kumaiyendetsa pang'onopang'ono pa injini ikulira. Ana anga anayang'anana, wina n'kubisa kuseka. Pa paipi yaikulu ya labala yolowetsa mpweya, mudala anaima. Anaipinda pang'ono, ndipo kunsi kwake, m'khwinya, munali mng'alu wolowa chala.

Ndinayenera kufotokoza, popeza mphunzitsi ndine, ngakhale tsikulo sizinkaoneka choncho. Injini ya petulo imafuna magawo 14.7 a mpweya pa gawo limodzi la petulo, poyeza kulemera. Pakhomo pali sensa yowerenga mpweya wolowa, ndipo kompyuta imathira petulo molingana ndi chiwerengerocho. Mpweya wolowera pamng'alu uli ngati alendo a paukwati odumphira kumpanda: ophika anawerenga olowera pageti, ndiye nsima yaperewera. Sensa ya ku ekizozi inkangonena zoona, kuti kuno anthu achuluka, chakudya chachepa. P0171 imatanthauza zimenezo basi. Sinanenepo kuti gulani sensa. Magalaja atatu aja anamva mboni ikunena kuti kwaba wakuba, iwo n'kumanga mboniyo. Katatu konse.

Mudala anayenda modzitukumula milungu iwiri. Aliyense wodutsa pamtengo paja ankamva za ana a ku koleji amene anagonja kwa paipi ya m'munda. Ine ndinkadutsira njira ina popita kumsika.

Koma mwambi wa agogo susankha msinkhu. Mtsikana wina wa m'kalasi mwanga ndinamutumiza kwa mudala yemweyo kuti akaphunzire ntchito pamalo, ndipo mwezi woyamba ntchito yake inali kutsuka mabawuti ndi kukagula nsima, monga mwa mwambo wa sipanala boyi aliyense. Madzulo ena ndikudutsa, ndinapeza pafika Toyota Aqua, kagalimoto koyendera petulo ndi magetsi kamene kanatuluka ku Japan mu 2011 ndipo tsopano kakuchuluka m'misewu yathu. Mwini wake ankadandaula kuti kayamba kumwa mafuta ngati Hiace ndipo kakuonetsa chenjezo.

Mudala anadina batani. Zii. Pagalasi panangolembedwa READY.

"Sitata yafa," anatero, n'kulowetsa mutu mu boneti kukaifuna.

Anaifuna nthawi yaitali, chifukwa Aqua ilibe sitata imene iwo amaidziwa, ilibenso olotaneta. Mota yamagetsi ndiyo imadzutsa injini, ndipo imaidzutsa pamene kompyuta yafunira, osapempha chilolezo kwa munthu. Inafunira mutu wa mudala uli m'katimo. Anadumpha n'kugunda boneti, ndipo mawu amene anatuluka m'kamwa mwawo sindingawalembe m'dera limene linatenga dzina lake kwa anthu opemphera.

Atapuma, anaona nthambo yonenepa ya mtundu wa lalanje, n'kuyamba kuilondola sipanala ili m'manja.

"Ba mudala, osagwira!" Mtsikana uja anakuwa mpaka nkhuku zinabalalika.

Batire wamba wa galimoto ndi wa mavoti 12, ndipo mudala wakhala akumuyesa zaka makumi anayi pogunditsa waya kuti aone moto. Batire wamkulu wa Aqua ndi wa mavoti 144, ndipo nthambo za lalanje ndi chenjezo loti pamenepa pamapha. Pamafunika magolovesi apadera, kuzula pulagi yake yodulira magetsi, n'kudikira mphindi khumi usanagwire kalikonse. Mtsikanayo anatsegula pansi pa mpando wakumbuyo, pamene pali kafani koziziritsa batire. Munali fumbi la Mandevu la chilimwe chonse, tsitsi la wigi, ndi mbuliwuli zokwana kugulitsa pa sukulu. Batire akatentha, kompyuta imamuchepetsera ntchito, injini n'kumasenza yokha katundu, petulo n'kumatha. Anapukuta kafaniko ndi burashi.

Munthu wa zaka zoposa 60 kufunsa mwana wamkazi wa zaka 20, pamaso pa kasitomala, ndi phiri. Mudala analikwera mwa njira ya akuluakulu.

"Mwana wanga, nifuna chabe kuona ngati uziba. Iyi nthambo ya orenji ichita chani?"

Mtsikanayo, poleredwa bwino, anayankha ngati akulembadi mayeso. Mudala anamubwerezetsa katatu, ati kuti kamnyamata kena kotsuka mabawuti kamvetse. Kamnyamatako kanali katapita kukagula malasha.

Sindingawaseke kwambiri. Inenso za magalimoto amagetsiwa ndinaziphunzira usiku pa foni, mawa lake n'kukaimirira kutsogolo ngati ndinabadwira ku Toyota City. Mwana akandifunsa chimene sindikudziwa, ndimamuyamikira kuti funso lake ndi labwino kwambiri moti likhale homuweki ya kalasi yonse. Phula la aphunzitsi timalidya titavala dasitikoti yoyera.

Tsopano Lolemba lililonse kamakina kaja ndimakatsekera m'dilowa. Mwana mmodzi amakhala kasitomala, ndipo ndimamulola kunama mmene angathere. Anzake ayenera kumufunsa mafunso khumi, amvetsere injini, anunkhize, agwire, ndipo akatero m'pamene ndimatulutsa kiyi wa dilowa. Katswiri pa ukasitomala ndi mnyamata wina amene anali ng'wang'wazi. Amanama mosaphethira moti mlungu watha kalasi yonse, ndi ine ndemwe, tinatha theka la ola tikufufuza vuto la galimoto imene inangotha petulo.

Bambo wa Allion ndinakumana naye posachedwa pa Great North Road, n'kundinyamula mpaka m'tauni. Injini inkalira bwinobwino. Masensa atatu aja ali m'kabokosi ka kutsogolo, akufunafuna wogula. Nditayang'ana pa dashibodi ndinaona tepi yakuda ija ikadali pomwepo, ndipo ndinamufunsa chifukwa chake sanaimatule, popeza kanyali kanazima kalekale.

"Ba sir," anatero akusintha giya, "nanga kakayakanso?"