Tamandani Kanambala ka pa Bilu ya Magetsi

Ngati ku Britain kuli chinthu choyenera kuchimangira chipilala pa Trafalgar Square, pafupi ndi cha Nelson, chinthucho ndi kanambala kena kamene kamabisala pa bilu ya magetsi ndi gasi. Kamalembedwa ndi zilembo zing'onozing'ono, nthawi zambiri kuseri kwa pepala, kumene maso otopa ndi ntchito ya usiku safikako. Kamanena chinthu chimodzi chokha: ma kWh amene nyumba yanu imatha pa chaka, a magetsi paokha, a gasi paokha. Maso a ambiri amathamangira pa mapaundi olembedwa ndi zilembo zonenepa, mtima n'kugunda, pepala n'kuponyedwa m'dirowa. Komatu woweruza wamkulu wa milandu yonse ya mabilu ndi kanambala konyozekaka, ndipo ine ndimakavulira chipewa.

Ife ochokera ku Malawi kanambalaka ndi kachibale kathu. Yuniti imene tinkagula kwa ESCOM ndi kWh yomweyi. Kusiyana kwake n'kwakuti kumudzi wogulitsa ndi mmodzi, palibe chosankha, pamene ku England, Scotland ndi Wales, kuyambira 1999, nyumba iliyonse ili ndi ufulu wosankha kampani ya magetsi ndi gasi. Ufulu umenewu udabala mkangano umene sutha. Ena amati: sonkhanitsani zonse m'phukusi limodzi, magetsi, gasi, intaneti, foni ndi inshuwalansi, mukhale ndi kampani imodzi ndi bilu imodzi. Utility Warehouse ndiyo yodziwika kwambiri pa njira imeneyi. Imatsitsa mtengo malinga ndi kuchuluka kwa zinthu zimene mwatenga, ndipo imapeza makasitomala kudzera mwa anthu wamba amene amalandira kangachepe akakokera anzawo. Ena amati: ayi, chilichonse chiguleni kumene chatchipa, ndipo kontrakiti ikatha samukani. Awa ndi ophunzira a Martin Lewis wa MoneySavingExpert, anthu otsegula Uswitch ndi MoneySuperMarket chaka chilichonse.

Mkanganowu mungaumve ngakhale m'holo ya tchalitchi ku Manchester, mapemphero atatha, tiyi ali m'manja. "Achimwene, bwerani kwathu kuno, zonse pa bilu imodzi, mudzandithokoza." Mayi wina pambali akupukusa mutu: "Bambo a kwathu, musamangidwe, ine ndimasamuka chaka ndi chaka ndipo sindidandaula." Onse awiri akunena zoona za nyumba zawo. Palibe mwa iwo amene akudziwa kuti kwanu kuli ana atatu osamba madzi otentha m'mawa uliwonse, kapena kuti makoma a nyumba yanu yakale amataya kutentha usiku wonse. Kanambala kokha ndiko kamadziwa. Kanaona ketulo iliyonse imene idawira, kanamva boyila ikudzuka m'bandakucha wa Januwale, kanawerenga nsima iliyonse imene idaphikidwa pa chitofu chanu. Palibe mboni ina padziko imene idakhala nanu pafupi chotere, ndipo sikalandira komishoni kwa aliyense.

Taonani mphamvu zake. Mu Okutobala 2023, Ofgem, bungwe loyang'anira magetsi ndi gasi, idayamba kuwerengera nyumba yapakatikati kuti imatha 2,700 kWh za magetsi ndi 11,500 kWh za gasi pa chaka. Ndiye tiyerekeze kuti makampani awiri asiyana ndi 1p yokha pa yuniti ya gasi. Peni imodzi, imene ikagwa pansi ambiri sawerama n'komwe. Kanambala kathu kakaigwira peniyo, imasanduka £115 pa chaka. Kusiyana kwa 2p pa yuniti ya magetsi kumasanduka £54. Akuluakulu adati pang'onopang'ono ndi mtolo, koma mtolo wake ndi kanambalaka kamene kamaumanga. Tsopano wina akakulonjezani kuti akuchotserani £5 pa mwezi mukalowa m'phukusi lake, muli ndi poyambira: £60 pa chaka mbali iyi, mapeni ochulukitsidwa ndi ma kWh anu mbali inayo. Onjezani standing charge, ndalama imene mumalipira tsiku lililonse ngakhale mutazimitsa zonse n'kupita ku tchuthi. Iyo muichulukitse ndi 365. Mlandu umene ukanatha chaka m'holo ya tchalitchi umatha tiyi asanazizire.

Ndipo kanambalaka sikakondera, apa ndi pamene pali ulemerero wake. Kwa munthu wokhala yekha m'kafulati, wogwiritsa ntchito mayunitsi ochepa, mapeni a pa yuniti salemera kwenikweni. Kuchotsera kwa phukusi kungathe kupambana, makamaka ngati intaneti ndi foni za m'phukusilo ndi zimene akanagula ndi kale. Kwa banja lalikulu m'nyumba yozizira, peni iliyonse ya pa gasi ndi katundu, ndipo kusamukira kumene yuniti yatsika kumabweza zambiri. Phukusi lili ngati mulu wa tomato pamsika: ukhoza kukhala wabwino mpaka pansi, koma wogula wanzeru amaupasula n'kuona mmodzimmodzi. Funsani mtengo wa magetsi paokha, wa intaneti payokha, wa foni payokha, muyerekeze ndi wa kunja. Funsaninso kuti mukachotsapo chimodzi, zotsalazo zikwera bwanji, popeza makontrakiti ake satha tsiku limodzi: wa intaneti kawirikawiri ndi wa miyezi 18 kapena 24, pamene wa magetsi wa mtengo wokhazikika nthawi zambiri ndi wa miyezi 12. Amene akonda mtendere wa bilu imodzi sanalakwe. Angodziwa kuti mtenderewo akuugula pa mtengo wanji, ndipo womuuza ndi kanambala komweka.

Kanambalaka kamatipulumutsanso ku nambala zikuluzikulu za m'nyuzipepala. Kuyambira Januwale 2019 Ofgem imaika malire a mitengo, ndipo masiku ano imawaunikanso miyezi itatu iliyonse. Ambiri akamva nkhani pa BBC amaganiza kuti ndalama yotchulidwayo ndiyo mapeto a bilu yawo. Sichoncho. Malirewo ali pa mtengo wa yuniti ndi pa standing charge. Ndalama yotchulidwa ndi ya nyumba yongoyerekeza. Ngakhale mu Okutobala 2022, boma litalengeza £2,500 ya nyumba yoteroyo, wotentha gasi wambiri adalipira zoposa pamenepo. Mabanja amene ankadziwa kanambala kawo sanadzidzimuke. Ankadziwiratu kuti iwo ali pamwamba kapena pansi pa nyumba ya m'nyuzipepalayo, ndiponso ndi zingati.

Kumbukirani 2021, mtengo wa gasi utakwera mosaneneka. Makampani ogulitsa magetsi ndi gasi pafupifupi 30 adagwa pasanathe chaka. Bulb, imene inali ndi makasitomala oposa miliyoni imodzi, idalowa m'manja mwa boma mu Novembala chaka chomwecho, ndipo makasitomala ake adadzatengedwa ndi Octopus Energy. Mitengo yotsika yosamukira idasowa kwa nthawi yaitali. Mayina a makampani adafufutika, mitundu ya maenvulopu idasintha, malonjezo adauluka. Kanambala sikadagwe. Kadasamuka ndi mwini wake kuchoka pa bilu ya kampani yakufa kupita pa ya kampani yatsopano, kakunena zomwezo zimene kankanena dzulo. Ndi kampani iti, ndi nduna iti, imene ingadzitame ndi kukhulupirika kotere?

Pa zabwino zonsezi, kanambalaka kamangopempha chinthu chimodzi: kuti mukadyetse zoona. Tsegulani kakabati ka pansi pa masitepe, sunthani nsapato ndi chotsukira kapeti, gwadani, yatsani tochi ya pa foni, muwerenge mita. Lembani manambalawo, muwatumize ku kampani. Mukapanda kutero, ndipo mulibe smart meter yotumiza yokha, kampani imangolota, ndipo kanambala kolota kamasocheretsa. Kugwada kumeneko sikuchotsa ulemu wa munthu. Ndi kugwada kumene kumabweza ndalama m'thumba. Ndipo pa manambala onse a pa bilu, aka kokha ndi kamene kamamvera inu. Mtengo wa yuniti umagamulidwa ndi misika ya kutali, VAT ya 5% ndi ya boma, koma mukatseka mpata wa pansi pa chitseko kapena kutsitsa pang'ono kutentha kwa m'nyumba, kanambala kamatsika, ndipo kamatsika kaya muli m'phukusi kaya mwasamuka.

Malamulo nawonso ali kumbali ya wodziwa kanambala kake. Kusamuka kumayenera kutha pa masiku 5 a ntchito. Muli ndi masiku 14 oti musinthe maganizo. M'masiku 49 omaliza a kontrakiti ya mtengo wokhazikika mungachoke popanda chindapusa. Madzi okha ndiwo alibe kosamukira, chifukwa nyumba sizisankha kampani ya madzi. Chitseko chili chotsegula. Chosowa ndi kanambala m'dzanja.

Choncho funso lakuti chotchipa n'chiti, phukusi kapena kusamuka, lilibe yankho limodzi la anthu onse, ndipo amene akukupatsani yankho asanafunse ma kWh anu sakuyankha za nyumba yanu. Abale anga a ku Leeds, Luton, Glasgow ndi kwina konse, usiku uno tulutsani bilu ija m'dirowa, muitembenuze, mupeze kanambalako. Kalembeni ndi cholembera chachikulu, mukamate pa chitseko cha firiji pamodzi ndi tsiku lothera kontrakiti. Aliyense wobwera ndi malonda a magetsi, kaya ndi mlendo wa pa foni kaya ndi mbale wa kutchalitchi, ayambe wakapatsa moni kanambalako, kenako musaine.