Madola ayankhula pa Chambe

Sabata ino pa Chambe za feteleza zayamba zaima kaye. Akuti mnyamata wina wa kuno amene ali ku Joni watuma apongozi ake kuti akamufunsire ku banki za akaunti ya ndalama zakunja, ati akufuna azisungako yogulira nyumba komweko. Apongoziwo anangouzako munthu m'modzi, ndipo pofika madzulo aliyense, kuyambira akabaza mpaka amayi ogulitsa zinanazi mumsewu wa ku Phalombe, anali atasanduka mlangizi wa zachuma.

Akabaza sakunyengerera: madola basi. Iwo sanaiwale za mu Novembala 2023, pamene kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti, dola imodzi n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700 usiku umodzi, chikhalirecho mu Meyi 2022 inali itagwetsedwa kale ndi 25 peresenti. "Achimwene, kwacha siigona m'nyumba kawiri," anatero wina akupukuta njinga yomwe ngongole yake sanamalize. Anyamata onyamulira alendo katundu pa Likhubula, amene dola amaigwiradi m'manja mzungu akatsika phiri ali wokondwa, anawonjezera kuti ikangong'ambika pang'ono kapena ikakhala yakale, osintha ndalama amaikana kapena kuigula motchipa.

Amene anayankhula zanzeru ndi telala wa pakhonde, ngakhale palibe anamumvera. Iye anafunsa kuti ngati nyumbayo ili ku Joni ndipo munthuyo amalandira marandi, madola akulowapo bwanji? Ukasintha randi kukhala dola, osintha adyapo. Tsiku logula nyumba ukabweza dola ku randi, adyaponso. Ine ndili mbali ya telalayu. Koma dola ili ndi ulemu wake pa Chambe, ndipo randi anthu anaizolowera kwambiri chifukwa cha Mukuru moti saiwerengeranso ngati ndalama yakunja.

Kenaka anafika aphunzitsi opuma ntchito, nyuzi ili kukhwapa, n'kuyamba kuphunzitsa pabawo. Anati akauntiyo ku banki amaitchula FCDA, ndipo National Bank, Standard Bank, FDH ndi NBS amatsegula, makamaka kwa Amalawi okhala kunja ndi ogulitsa katundu kunja. Koma ndalama yake imayenera kuchokera kunjako. Sungaponyemo makwacha a nandolo madzulo n'kudzuka ali madola. Chiwongoladzanja chake n'chochepa, ndipo kutulutsa ndalama zambiri m'dziko kuti ukagule nyumba kumafuna zikalata ndi chilolezo motsata malamulo a Reserve Bank. Apa wina anafunsa mtengo. Aphunzitsi anati ku banki dola ndi cha m'ma K1,750. Bwalo lonse linafa ndi phwete, poti mu 2025 pamsika wamseri inkagulidwa kuposa kawiri mtengo umenewo, ndipo ku banki kotchipako ukapita amakuuza kuti ulembetse, udikire.

Mkulu wina wa geni ya chimanga anati bwanji kuvutika ndi Joni pomwe Milange ali pafupi, kungowoloka pa Muloza, ndalama yake metikali. Anamudula ndi mnzake amene anakwatirako kumeneko: ku Mozambique malo onse ndi a boma, sagulitsidwa, chimene umapeza ndi chikalata chokulola kuwagwiritsa ntchito, chotchedwa DUAT. Wa chimangayo anati bola chikalata, kusiyana ndi kulonjezedwa pakamwa ndi amalume.

Agogo ena amene anakumba nawo migodi nthawi ya Theba, isanatsekedwe mu 1988, ankangopukusa mutu. Masiku awo gawo la malipiro linkasungidwa, munthu n'kudzalandirira kuno kumudzi, ndipo nyumba zamalata zambiri zinachokera mmenemo, limodzi ndi njinga ndi makina osokera. "Adzukulu, ife tinkapita kukatenga ndalama. Awa akupita kukasiya nyumba?"

Zenizeni zinatulukira kumjigo. Amayi a banki mkhonde sanataye nthawi ndi za chiwongoladzanja, poti kwawoko ndalama imaswa mwezi uliwonse popanda kudzaza fomu. Iwo akuti nkhani yonseyi ndi ya chikamwini. Kuno mwamuna amamanga kwa mkazi, ndipo banja likatha amanyamula chikwama, nyumba n'kutsala. Mnyamatayo, akuti, wawerengera bwino: ku Joni kulibe mwinimbumba woti angamuloze njira. Mayi wina anafunsa kuti nanga ngati ali wochenjera choncho, watumiranji apongozi ake omwewo ku banki?

Apongoziwo anapitadi ku Chitakale Lachisanu. Abwerako ndi mafomu, kuphatikizapo mawu akuti pakufunika pasipoti ya mwini wake ndi umboni wa komwe amagwira ntchito. Akuti mkamwiniyo atamva za umboniwo, foni yake yayamba kuvuta netiweki.