Ulemu kwa Agogo Athu, Mfiti ya M'filimu

Ku Palabana timatamanda ng'ombe za mkaka, timatamanda alimi a chimanga a m'boma la Chongwe, koma wantchito wakhama koposa onse sitimuombera m'manja. Ndikunena inu agogo, mfiti ya m'mafilimu a ku Nigeria, inu a maso ofiira ndi nkhope yopaka ufa, amene simudya munthu musanaseke katatu. Lero landirani ulemu wanu.

Ndiyambe ndi kusunga nthawi. Minibasi yobwera kuno kudzera msewu wa Leopards Hill imanyamuka ikadzaza. Msonkhano woitanidwa 9 koloko umayamba dzuwa lili paliwombo. Koma inu, 12 koloko ya usiku ikangokwana, mwakhala kale pansi pa mtengo ndi anzanu, mkanjo wofiira mutavala. Za mafuta simudandaula, alawansi simufunsa, ndipo zimene mwagwirizana mumazichita usiku womwewo. Ndi komiti iti kuno imene ingapikisane nanu?

Khomo anakutsegulirani mu 1992 ndi filimu ya Living in Bondage, momwe Andy anapereka nsembe mkazi wake Merit kuti alemere, mzimu wa mayiyo n'kumusowetsa tulo. Kenako kunabwera Nneka the Pretty Serpent ndi Karishika. Munachoka pa tepi n'kukwera CD, kuchoka apo n'kulowa Africa Magic, lero mukukhala m'foni ya mwana wa Giredi 7. Moto wotuluka m'manja mwanu umaoneka poyera kuti anachita kuujambula pa kompyuta yotopa, komabe bambo wa ndevu zake akauona, kuchimbudzi usiku amapita ndi womuperekeza.

Tikukondereninji chonchi? N'chifukwa choti mantha anu ali ndi mathero. Chilala cha 2024 chinawotcha chimanga m'minda, madzi ku Kariba anaphwera, magetsi n'kumazima pafupifupi tsiku lathunthu, unga n'kukwera mtengo. Mantha amenewo analibe m'busa wowathamangitsa. Koma inu agogo ndinu achifundo. Mumatiopseza mu gawo loyamba, lachiwiri ndi lachitatu, ndiye mu lachinayi m'busa akangoitana moto wa Mzimu Woyera, mumagudubuka pansi, n'kuulula zonse, n'kupsa. Timakagona titapambana nkhondo osatuluka thukuta.

Ntchito zanu zachitukuko n'zosawerengeka. Ana amalowa m'nyumba kusanade popanda kuwakalipira. Abambo amachoka ku mowa msanga, ndipo amayenda pakati penipeni pa msewu. Mapemphero a usiku wonse amadzaza. Mnyamata wopita kukakama m'mbandakucha amaimba nyimbo za kutchalitchi mokweza, ng'ombe n'kumamvera kwaya yaulere.

Nanga otsatira anu! Mjigo ukawonongeka, uthenga wa zopereka pa WhatsApp umawerengedwa mwakachetechete. Koma wina angoyerekeza kulemba pa Facebook kuti mafilimu anu ndi achibwana, gulu lonse limadzuka, mabando n'kutha usiku umodzi. Ndipo saiwala. Kanayo O. Kanayo, amene ankasewera ngati wolemera ndi zizimba, anaphunzira zamalamulo n'kukhala loya mu 2020, koma mpaka pano akaika chithunzi ali ndi munthu, anthu amachenjeza mnzakeyo kuti athawe asanaperekedwe nsembe. Patience Ozokwor anatembenukira ku ntchito yolalikira, koma kwa ife akadali apongozi othira mankhwala m'ndiwo. Kukhulupirika kotere ngakhale zipani zandale zimakusirira.

Alipo amiseche amene amakunenani. Amati filimu ikatha, maso a anthu amatembenukira kwa mayi wamasiye wokalamba wokhala yekha ndi mphaka wake kumapeto kwa mudzi. Amakumbutsa kuti lamulo la za ufiti la mu 1914 limaletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti. Amakumbutsanso za chaka cha 2020, pamene nkhani za anthu opopera mankhwala m'nyumba zochokera ku Chingola zinafalikira pa mafoni mpaka ku Lusaka, magulu olusa n'kupha anthu pafupifupi 50 ongoganiziridwa. Ine ndimakuikirani kumbuyo. Mlanduwo ndi wa ophunzira anu osamvetsa, amene anatengera phunziro kunja kwa kalasi. Inu mukapsa, wojambula amaimitsa kamera, mumasamba kumaso, mumalandira malipiro, mwezi wamawa mwadzuka mu filimu ina. Amene anawotchedwa m'misewu aja analibe gawo lachiwiri.

Choncho pempho lathu n'limodzi, agogo, ndipo tikupempha titagwada. Sandukani mphaka, njoka kapena kadzidzi mmene mungafunire, idyani anthu olemera a ku Lagos mpaka mukhute, mabando tigula ndife. Koma khalani momwemo m'kanemamo. Kunja kuno kuli agogo enieni, ndipo iwo machesi amawawotcha zenizeni.