Makina obereka abambo andevu

Makina othandizira ma dips ndiwo achifundo kuposa onse m'majimu a ku Avondale, kum'mawa kwa Lusaka, moyandikana ndi Chelstone. Ma dips enieni ndi owawa: munthu amagwira zitsulo ziwiri zotalikirana pang'ono, n'kulendewera m'malere, n'kumatsika ndi kukwera ndi mikono yokha. Zitsulo zimenezi anazitchukitsa Friedrich Ludwig Jahn, yemwe anatsegula bwalo lake la masewera ku Berlin mu 1811, ndipo zikuoneka kuti mkuluyu sanaganizire anthu okhuta nsima masana n'kubwerera pa mpando wa mu ofesi. Makinawa ndiwo anawakumbukira.

Ali ndi zogwirira ziwiri, khushoni yogwadapo, ndi mulu wa zitsulo wolumikizidwa ku khushoniyo. Munthu akamatsika zitsulo zimakwera, ndipo akamakwera zitsulozo zimatsika n'kumukankhira m'mwamba. Ulemerero wonse wagona pa masamu ake. Pa makina ena, kutsitsa pini m'munsi mwa mulu n'kudzisenzetsa katundu, koma pano n'kudzipeputsira. Bambo wolemera makilogalamu 90 akaika pini pa 60, mikono yake imanyamula pafupifupi 30 okha. Woonera patali amangoona chimulu cha zitsulo chikukwera ndi kutsika, n'kuyesa kuti m'jimu mwalowa ngwazi. Makinawa amabereka mwamuna wandevu ngati khanda la kumbereko, ndipo sauza munthu.

Amaphunzitsanso kudzichepetsa, pakuti ndi pano pomwe bwana wa ku Kabulonga amagwada pagulu tsiku lisali Lamlungu. Magetsi sawafuna. Mu 2024, madzi atachepa ku Kariba ndipo ZESCO ikuzimitsa magetsi maola ambiri patsiku, makina othamangirapo ankaima n'kusanduka poyanika matawulo pakapanda jenereta, pomwe awa ankatumikira ngakhale mumdima.

Ntchito yake ndi yeniyeni, ngakhale anyamata a zifuwa zotumba amainyoza. Thupi likawongoka, imene imavutika ndi minofu ya kuseri kwa mkono, ija yotchedwa triceps. Likaweramira kutsogolo, katundu amapita pachifuwa ndi kutsogolo kwa mapewa. Munthu amatsika mpaka chigongono chitapinda madigiri 90. Kupyola apo mapewa amayamba kudandaula. Aphunzitsi ambiri amalangiza kutsika ndi kukwera ka 8 mpaka 12, kupuma, kubwereza katatu, kenaka kumakweza pini pang'onopang'ono pakamapita masabata mpaka thandizo litatheratu. Ena aulemu safika kumeneko, chifukwa kusiya wokuthandiza n'kusayamika.

Ukali wa makinawa umaonekera potsika. Wodumphapo khushoni ili pansi amaisiya ikubwerera m'mwamba mwaliwiro, zitsulo n'kumenyana mwaphokoso, ndipo chibwano chikakhala pafupi chimalandira zake. Odziwa amadikira khushoni ifike pamwamba, n'kuchotsa bondo limodzi, phazi n'kuponda pa sitepe, kenaka linalo.