Sikirini ya Word ndi Ukatswiri wa Munthu Wovala Magalasi

Pulogalamu yolembera pa kompyuta, monga Microsoft Word imene inatuluka koyamba mu 1983, imaonetsa pa sikirini tsamba loyera lozunguliridwa ndi mabatani ambirimbiri, ndipo ku Insaca, likulu la boma la Mecanhelas m'chigawo cha Niassa, aliyense wodziwa ntchito ya mabatani asanu mwa amenewa amatchedwa katswiri. Mlembi wa nkhani ino ali m'gulu la akatswiri oterowo, ngakhale kuti mabatani ake akawerengedwa mosakondera sakwana asanu, ndipo ulemu umene amalandira unachokera makamaka ku magalasi ake. Anthu amabwera kwa iye kuti awalembere requerimento, yomwe ndi kalata yopempha kanthu ku ofesi ya boma, yoyamba ndi kulemekeza bwana ndi kutha ndi mawu akuti Pede deferimento.

Pamwamba penipeni pa sikirini pali mzere wosonyeza dzina la fayilo, ndipo fayilo imene sinasungidwe imatchedwa Documento1. Katswiriyu akati apereke dzina amalemba kuti "kalata", kenako "kalata yeniyeni", kenako "kalata yeniyeni yomaliza", moti mwini kalata akabweranso patapita mwezi, mafayilo onse amatsegulidwa imodziimodzi iye ataima pambali.

Pansi pake pali lamba wa mabatani amene anayamba ndi Word ya 2007, ndipo m'Chipwitikizi cha ku Portugal amatchedwa Friso. Lambayu anagawidwa m'magulu: Base ili ndi zosinthira kukula ndi maonekedwe a zilembo, Inserir imalowetsa zithunzi ndi matebulo, Rever imafufuza zolakwika, pamene Ver imasintha mmene tsamba likuonekera kwa wolemba. Mlembiyu amakhala ku Base monga mlendo wamanyazi amene wapatsidwa nyumba yonse koma akugonabe pakhonde. Ngakhale pa Base pomwepo pali batani loika mutu wa kalata pakati pa tsamba, ndiponso pamwamba pa tsamba pali rula, yomwe ndi kamzere ka manambala kopimira poyambira ndime, iye ntchito zonsezi amazigwira ndi batani lalitali la pansi pa kiyibodi, lija losiya mpata. Amalidina kambirimbiri uku akuyeza ndi diso limodzi, ndipo phokoso lake limatsimikizira mwini kalata kuti ndalama zake zikugwiradi ntchito.

Nkhani ya kusunga fayilo ndi yofunika kuifotokoza modekha, chifukwa ikukhudza malire a mayiko awiri. Anthu ambiri a ku Mecanhelas ali ndi abale ku Malawi, kumene njanji yochokera ku Cuamba imalowa itadutsa pa Entre Lagos ndi Nayuchi, ndipo katswiriyu kompyuta anaiphunzirira kumeneko, pa Word ya Chingerezi imene imasunga fayilo munthu akadina Ctrl ndi S. Pa Word ya Chipwitikizi mabatani awiri omwewo amajambula mzere kunsi kwa mawu, ndipo pa ya ku Portugal kusunga kuli pa Ctrl ndi G. Chotsatira chake n'chakuti mitambo ikada cha ku nyanja ya Chiuta, anthu n'kuyamba kukayikira magetsi, iye amadina Ctrl ndi S mwachangu, nalengeza kuti zonse zasungidwa, kenako n'kudabwa kuti mawu otsatira akutuluka ndi mzere kunsi. Magetsi akathima chimamupulumutsa ndi kachitidwe ka Word kosunga yokha kope la ntchito pa mphindi 10 zilizonse, ndipo kalata ikabwereranso pa sikirini iye amalandira kuthokoza konse popanda kutsutsa. Batani losungira lili poonekeratu, ndi chithunzi cha disiki yakale ya 1.44 MB imene ana a masiku ano sanaigwirepo, koma katswiri woloweza njira zachidule sangadzichepetse mpaka kufika pogwira mausi.

Patsamba penipenipo pali kamzere kophethira kosonyeza pamene chilembo chotsatira chigwere, ndipo kudzanja lamanja kuli chokwezera ndi kutsitsira tsamba. Palinso mzere wofiira wokhotakhota, umene unabwera ndi Word ya 1995, wosonyeza mawu amene mulibe mu dikishonale ya pulogalamuyo. Popeza dikishonaleyo ndi ya Chipwitikizi, kalata ya Chinyanja yopita kwa malume ku Liwonde imafiira pafupifupi yonse, ndipo mlembiyu, amene sanapezebe pozimitsira, amauza eni makalata kuti kompyuta yasankha mawu ofunika.

Pansi penipeni pali mzere wina wosonyeza nambala ya tsamba, chiwerengero cha mawu, ndi kachida kokulitsira maonekedwe kuyambira 10 mpaka 500 peresenti. Kukulitsaku kumakhudza maso okha, pakuti pepala la A4 limakhalabe mamilimita 210 m'lifupi ndi 297 m'litali. Mfundo imeneyi katswiriyu amaidziwa bwino ndithu, koma mwini kalata akadandaula kuti dzina la bwana laoneka laling'ono, amakweza pa 200 peresenti, onse awiri n'kugwedeza mutu mokhutira, ndipo za pepala lotuluka mu pulinta amaziimba mlandu pa inki.

Batani limene ayenera kuliopa aliyense wa mtundu wake lili pa Base pomwepo, ndipo lili ndi chizindikiro cha ¶. Ntchito yake ndi kuonetsa zobisika: mpata uliwonse umasanduka kadontho, ndipo paliponse pamene munthu anadina Enter pamaoneka chizindikirocho. Mphwake wa mlembiyu, amene ali ku sekondale, amalidziwa batanili, ndipo akalidina pamaso pa anthu pamaoneka madontho ondanda kutsogolo kwa mutu wa kalata, ndiponso mzere wa zizindikiro wotsika kukankhira siginecha pa tsamba lachiwiri, lomwe limalipiridwa palokha. Mnyamatayo amafunsa mwaulemu kuti, "Malume, kodi madontho onsewa munawaika dala?" Katswiriyu amavula magalasi, nawapukuta nthawi yaitali, kenako amayankha kuti kompyutayo yalowa vayirasi ndipo ana asamaiyandikire.